Adzakuliramo Liti?

Loweruka lapitali ndinaimba nthungululu mpaka wigi yanga inakhota. Amene munali m'holo ya sukulu yathu ya pulaimale ku Dambwa munandiona, ndipo sindikupepesa. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwanga anachita kundikoka chitenje kuti ndikhale pansi naye aoneko. Ndinakhala, koma nyimbo yotsatira itangoyamba ndinaimiriranso.

Amene anali pa siteji ndi Luyando, chitsirizira changa, wa giredi seveni. Ankaimba ndi mawu akeake.

Mwina mukuti, nanga mwana angaimbe ndi mawu a ndani? Dekhani ndikuuzeni, chifukwa pasukulu pathupa funso limeneli lili ndi mbiri.

Chaka chatha kalabu ya zisudzo inachita sewero lanyimbo. Nyimbo zake zinali zolemera, zofuna chifuwa cha munthu wamkulu. Komiti ya makolo itaona kuti ana akulephera, inapeza nzeru yake. Inabwereka anthu a kwaya ya kutchalitchi n'kuwabisa kuseri kwa katani. Akuluwo ankaimba, ana kutsogolo n'kumangotsegula ndi kutseka pakamwa. Luyando wanga, kamtsikana kowonda ngati bango, anayasamula pamaso pa holo yonse, m'kamwa mwake n'kutuluka mawu a mayi wa ana asanu. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tsiku limenelo mwanayo sanadye. Anangondiuza kuti, "Mami, ine sinizabwelelako. Batiyesa tidoli."

Chaka chino ndi chake chomaliza pasukulupo. Anabwerera ku kalabu chifukwa cha munthu mmodzi, ba Mutinta, mphunzitsi wa zisudzo, mtsikana wamng'ono thupi koma wolimba mtima bwino. Anamulonjeza kuti ulendo uno kuseri kwa katani sikudzakhala munthu. Ine lonjezolo ndinalimva, ndipo ndinalisunga kuposa mwini wake.

Ndiye mwayi unabwera. Mnyamata wina amene anaphunzira pasukulupo kale, pano amagwira ntchito ku loji ina m'mbali mwa mtsinje, anati alipirira ana sewero lenileni lochokera kunja. Enafe tinali tisanadziwe kuti masewero oterewa ali ndi eni ake. Sumangolitola ayi. Umapempha chilolezo, umalipira, eni akewo n'kukutumizira mabuku a mawu ndi nyimbo zojambula kale zoti ana aziimbirapo. Nthano yake ndi ya mtsikana wogulitsa nyali m'dziko lozizira, kumene chimphona chinatsekera dzuwa m'bokosi pamwamba pa phiri. Mtsikanayo amakwera phirilo kukalitenga, ndipo chida chake ndi nyimbo basi.

Vuto linali lakuti sewero lomwelo eni ake amalipereka m'masaizi atatu. Lilipo lalikulu, lopitirira maola awiri, lolembedwera akatswiri. Lilipo lapakati, la ana a sekondale. Ndiye pali laling'ono, losakwana ola, limene nyimbo zake anazikonza kuti zikwane pakhosi pa mwana wa pulaimale, zolankhula n'kuzichepetsa, malo oimba pagulu n'kuwachulukitsa.

Makolo tinaitanidwa kuti tisankhe. Inu mukuganiza kuti tinathamangira liti?

Wapampando wa komiti yathu ndi ba Sitali. Anapuma ntchito ku njanji, ndipo ndi munthu wolemekezeka, wa mawu okoma. Pamaliro akayambitsa nyimbo iwo, ngakhale amene anabwerera chakudya amalira. Ndi iwo amene anabweretsa nzeru ya katani ija. Ba Mutinta asanamalize n'komwe kufotokoza, iwo anali ataimirira kale.

"Ba ticha, apa palibe vokambisana maningi," anatero. "Muntu atipasa mwayi, ise titenge kang'ono? Awe. Titenge ikulu. Bana bazakulilamo."

Mutu uliwonse m'chipindamo unagwedezeka movomera. Mayi wina wa ku Linda anawonjezera kuti, "Kaili wolipila alipo kale, mwandi. Tizivutisila chani?"

Ba Mutinta anayankha mwaulemu. "Ba tcheya, ikulu nyimbo zake ni za bakulu. Bana sibangafike pamwamba paja."

"Tizapinda," anatero ba Sitali, akuonetsa ndi manja. "Apa tadula, apa tapinda, monga yunifomu. Chaka chamawa tamasulako pang'ono."

Mawu amenewa ndi athu enieni. Ndani mwa ife sanaimepo kwa telala n'kunena kuti, siyani nsalu yambiri m'munsimu, tidzamasula? Ndani sanagulepo juzi yoti manja ake amapindidwa katatu? Ba Sitali sankalankhula zachilendo. Ankalankhula nzeru imene inatilera tonse.

Koma sewero si diresi. Ba Mutinta anafotokoza kuti eni ake salola kudula kapena kusintha kanthu. Ukatenga lalikulu, ulichita lonse monga lilili, nyimbo iliyonse pamalo pake. Komanso chilolezocho ndi cha masiku a sewero okha. Likatha, mabuku amabwerera kwawo. Palibe zomasula chaka chamawa, palibe zosiyira mng'ono wake.

Tinayang'anana. Chinthu chosapindika, chosasungika, chosasiyira wina? Kwa ife chinali ngati chipongwe.

Ba Sitali anakanda chibwano, kenako anamwetulira ngati munthu amene wapeza njira yachidule. "So vilibe kantu. Pamene bana balepela, tizaitana ba kwaya futi."

Abale, ine ndine munthu wamtendere, koma pamenepo magazi ananditentha. Ndinaona Luyando ali pa siteji akuyasamula, ndinamvanso kuseka kuja. Ndinapezeka ndaimirira, chikwama chagwa pansi.

"Ba Sitali, na ulemu wonse," ndinatero, "mwana wanga sazankala kadoli futi. Ku salaula sitigula nsapato osayesa. Imwe ndimwe bakaswili. Yesani iyi ikulu tione ngati ikwana."

Ena anandiyang'ana ngati ndatukwana. Koma munthu woimba ukamuuza kuti aimbe, sakana. Ba Sitali anavula jekete.

Eni sewerolo anali atatumiza zigawo zina za nyimbo zoti tiyesere tisanasankhe, ndipo zinali mu foni ya ba Mutinta. Anailumikiza ku sipika, n'kusankha nyimbo ya mlonda wa phiri, imene pasukulu pathu ikanagwera mnyamata wa giredi sikisi. Ba Sitali anaimvetsera kawiri, pepala lili m'manja, kenako anati ali okonzeka.

Chilungamo ndinene, anayamba bwino kwambiri. Ine ndemwe ndinayamba kuchita mantha kuti ndadziputira. Mawu awo anadzaza chipinda, amayi ena n'kuyamba kutsinzina. Koma nyimboyo inali yokwera phiri zenizeni. Inakwera, ba Sitali anakwera nayo. Inakweranso, osawapatsa mpata wopuma. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Pofika pamwamba penipeni, pamene pankafunika kugwira liwu limodzi nthawi yaitali, mawu a ba Sitali anathyoka ngati a tambala wophunzira kulira.

Paja akulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Palibe amene anaseka, ndipo ndikuwayamikira makolo anzanga pa chimenechi, chifukwa ena tinkachita kuluma milomo. Ba Sitali anatsokomola n'kunena kuti, "Iyi sipika siili bwino. Nipaseniko manzi."

Ba Mutinta sanatsutse za sipika. Anawapatsa madzi, kenako anaika nyimbo yomweyo monga ilili mu sewero laling'ono lija. Inali yomweyo ndithu, kukoma kwake komweko, koma yoyenda pamtunda woti munthu n'kupuma. Isanafike pakati, mayi wa ku Linda uja anayamba kuing'ung'udza. Wina anamutsatira. Pobwereza kachiwiri tonse tinali tikuimba, ena akuomba m'manja, wina wayamba kale kuikamo mawu achiwiri monga timachitira kutchalitchi.

Tinakweza manja. Laling'ono linapambana, ndipo silinapambane pang'ono. Dzanja la ba Sitali linakhala pa bondo.

"Mwasanka ka saizi ka kamwana," anatero akuvala jekete. "Bantu bazatiseka."

Kwa milungu ingapo bambowo sanandipatse moni. Tikakumana podikira minibasi ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Zinandipweteka, chifukwa ndimawalemekeza, koma sindinabweze mawu anga.

Tsopano tisiye kaye holo ija, tikambe za ife.

Ndili mwana, bambo anga ankandigulira nsapato za sukulu zoposa phazi langa ndi masaizi awiri. Kutsogolo ankaikamo nyuzipepala. Ndinkayenda mokwekwereza kuti zisavuke, ndipo pothamanga ndinkazivula n'kuzinyamula m'manja. Mukudziwa chimene chinkachitika? Zinkang'ambika ndisanakuliremo. Akagula zina, zinalinso zazikulu. Ndinamaliza pulaimale yonse osadziwa kuti nsapato yokwana imamveka bwanji kuphazi.

Bambo anga sindiwaimba mlandu. Anali ndi ana ambiri, malipiro ochepa, ndipo phazi la mwana silidikira kutha kwa mwezi. Pa nsapato ndi yunifolomu nzeru imeneyi ili ndi chifukwa chake, ndipo mayi aliyense amene akuwerenga pano akuchidziwa.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti nzeruyi tinaichotsa kuphazi n'kuiika m'mutu. Tsopano chilichonse chokwana bwino timachiyesa chamanyazi.

Yendani mu Libuyu kapena kuno ku Dambwa muone nyumba zimene kumanga kwake kunaimira pa mawindo. Mwini wake anajambula zipinda zisanu ndi zitatu, khonde, ndi garaja ya galimoto imene alibe. Mkati mwamera udzu, mbuzi zikugonamo, iye akadali pa lendi ya zipinda ziwiri. Akanamanga ya zipinda zitatu, bwenzi ana ake akukulira m'nyumba yawoyawo. Koma ayi, anthu adzati chiyani? Ana aja akukula, ena akwatiwa kale, nyumba ikuwadikirabe kuti adzakuliremo.

Ndiye pali zimene timawachita ana pa zikondwerero. Mlendo wolemekezeka akabwera pasukulu, timatenga kamwana ka giredi thiri, n'kukaloweza ndakatulo ya Chingerezi yodzaza mawu oti ngakhale mphunzitsi wake anachita kufunsa tanthauzo. Kamwanako kamaima chilili, maso kudenga, n'kumalavula mawuwo ngati kakumeza mankhwala. Ife n'kumaomba m'manja, amvekere ndi wanzeru mwanayu. Mufunseni pambuyo pake kuti wanena chiyani. Adzakuyang'anani, inunso mudzamuyang'ana.

Kodi timafuna kuti mwana achite bwino, kapena timafuna kuti ife tioneke akuluakulu? Chifukwa zinthu ziwirizi si chimodzi. Kwaya ya kuseri kwa katani ija sinabwere kudzathandiza ana. Inabwera kudzaphimba manyazi a makolo amene anasankha katundu woposa msinkhu wa onyamula.

Ena mundiuza kuti mwana amakula ndi zinthu zovuta, kuti ukamufewetsera zonse adzakhala waulesi. Ndikuvomera. Koma chovuta chimene mwana angachifike atanyanyamphira n'chosiyana ndi chimene sangachifike ngakhale atakwera pa tebulo. Choyambacho chimamukulitsa. Chachiwiricho chimamuphunzitsa kuti ntchito yake ndi kuyasamula, oimba enieni ali kwina. Ndipo mwana akaphunzira zimenezo, amazitenga mpaka kuukulu.

Sewero laling'ono lija silinali lofewa, musanamizidwe. Ana anakhetsa nalo thukuta teremu yonse. Luyando ankaimba posamba, potsuka mbale, ngakhale potumidwa kukagula makala, mpaka azikulu ake anayamba kudandaula. Tsiku lina anabwera kunyumba n'kugona chagada pansi, buku lili pamimba, akupuma mwadongosolo. Nditamufunsa chimene chamugwera anati, "Ba Sitali bakamba ati mpepo ichokela pamimba, osati pakosi."

Ba Sitali?

Eya. Ba Mutinta, mochenjera mwawo, anapita kunyumba kwa bambowo n'kuwapempha kuti aziphunzitsa ana kapumidwe poimba. Anakana kamodzi, mwa mwambo. Ulendo wachiwiri anabwera ndi botolo lawo la madzi. Ndimamva kuti ankawakalipira anawo ngati ali pa njanji, koma sanaphonye tsiku.

Ndiye linafika Loweruka lija, masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha malata a holo. Pa siteji panali dziko lozizira. Chipale chofewa chinali mapepala ong'ambang'amba amene ana awiri ankawaza atakwera pa madesiki. Nyali zinali mabotolo opakidwa utoto. Ana ovala majuzi ndi zipewa zaubweya ankanjenjemera mwaluso, thukuta likuyenderera m'masaya. Mwana aliyense wa kalabu anali ndi malo ake, kaya mbalame, kaya mtengo, kaya munthu wa m'mudzi, ndipo onse ankaimba.

Koma chimene ndinaona poyamba polowa si chimenecho. Katani ya kumbuyo, ija ya chaka chatha, ba Mutinta anali ataikulunga n'kuimanga ndi chingwe mbali zonse ziwiri. Kuseri kwake kunkaoneka khoma lopanda kanthu, ndi tsache limene wina anaiwala. Aliyense amene analipo chaka chatha anamva uthengawo popanda wonena.

Sewero linayenda mpaka pamene mtsikana wa nyali wafika pakhomo pa chimphona. Ana ena onse anachoka. Luyando anatsala yekha pakati pa siteji, nyali ili m'manja. Nyimbo inayamba mu sipika, ndipo ndinamuona akucheukira kumbuyo, kumene kunali katani. Kunalibe womuimbira. Ndinagwira dzanja la munthu amene sindimudziwa.

Anatsegula pakamwa. Mawu anatuluka aang'ono, onjenjemera. Mzere woyamba sunafike n'komwe kumbuyo kwa holo. Pamzere wa kutsogolo ndinaona mapewa a ba Sitali akukwera ndi kutsika, akupuma m'malo mwake, dzanja lili pamimba. Sindikudziwa ngati mwanayo anawaona, koma anakoka mpweya, n'kuyamba mzere wachiwiri ngati munthu wina. Mawu anakhazikika, anakula, anadzaza holo. Penapake anaphonya liwu limodzi, ndipo ine ndinalikonda liwu limenelo kuposa onse, chifukwa linali umboni wakuti woimbayo ndi iyeyo.

Pamene bokosi linatseguka, dzuwa la katoni n'kukwezedwa ndi ndodo, ana onse anathamangira pa siteji akuimba pamodzi. Ndi pamene wigi yanga inakumana ndi tsoka lake. Panalibe woseka. Makanda anali asanayambe kulira, agogo anali asanayambe kuwodzera, sewero linali latha anthu akufunabe lina.

Panja, anthu akubalalika, ndinaona ba Sitali akubwera molunjika kwa ine. Ndinakonza wigi, ndinakonzanso nkhope. Anaima patsogolo panga, maso ali ofiira.

"Bamake Luyando," anatero, "yabakwana."

Anandigwira chanza ndi manja awiri. Ine, amene ndinali nditakonza mawu ambiri owauza tsiku ngati limeneli, ndinangoti zikomo, chifukwa mpweya umene mwana wanga anaimbira anamupatsa ndi iwo.

Mu minibasi pobwerera, Luyando anakhala pambali panga, utoto ukadali kumaso. Titatsala pang'ono kutsika anandikoka dzanja.

"Mami, munanimvela?"

"Dambwa yonse inakumvela."

"Ni ine ninaimba," anatero, osati kwa ine kwenikweni, koma ngati akudziuza yekha.

Lolemba ndinapita naye ku salaula, kogulitsa zovala ndi nsapato zovalidwapo kale, chifukwa nsapato zake za sukulu zinali zitayasama kutsogolo. Anayesa peyala imodzi, inamukwana bwinobwino. Wogulitsa anaiyang'ana, anapukusa mutu, n'kutulutsa ina yokulirapo.

"Tengani iyi, ba mami. Azakulilamo."

Luyando anatembenukira kwa ine. Anangondiyang'ana.

Ndinatenga yokwanayo. Ndikudziwa kuti mwina pofika Epulo idzakhala ikumuthina, ndipo ndidzadandaula, ndipo inu mudzandikumbutsa. Koma pochoka pamenepo mwanayo anathamangira minibasi nsapato zili kuphazi, osati m'manja, chinthu chimene ine pa msinkhu wake sindinachitepo.

Inu amene mwamuveka mwana wanu chinthu choposa msinkhu wake, kaya ndi kuphazi, kaya ndi pakamwa, n'kumuuza kuti apirire, tandiuzani. Ubwana wake ukutha lero lino. Adzakuliramo liti?